Chonyamulira ndicho chimagamula ubwino wa ufa wa zipatso

A Mkonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tifotokozeko nkhani imene imasautsa anthu ambiri ofuna kusandutsa madzi a mango, chinanazi, gwafa, papaya kapena magalagadeya kukhala ufa pogwiritsa ntchito makina a spray dryer. Ife ntchito yathu ndi yokonza ndi kuyeza zakudya, ndipo funso limene timalimva kawirikawiri n'lakuti, makinawa ndiwatenthetse madigiri angati? Funsoli si lolakwika, koma limafulumira. Loyenera kuyamba n'lakuti, madzi a zipatsowa ndiwasakaniza ndi chiyani, ndipo chochuluka bwanji? Chosakanizacho, chimene pa ntchitoyi chimatchedwa carrier kapena chonyamulira, ndicho chimagamula ngati mupeze ufa wouma woyoyoka kapena phala lokakamira m'zipupa za makina. Ndicho chimagamulanso mtundu wa ufawo, fungo lake, kasungunukidwe kake m'madzi, ndi miyezi imene ungakhale m'paketi osaundana.

Makinawa ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa. Pampu imakankhira madzi a zipatso ku nozzle, kakamwa kopopera madzi, kapena ku kagudumu kozungulira mothamanga, kamene kamawamwaza kukhala timadontho tating'onoting'ono m'kati mwa thanki yaikulu momwe mukudutsa mpweya wotentha. M'masekondi ochepa madzi amauluka, ufa n'kutsika, kenako chipangizo chozunguza mpweya chotchedwa cyclone chimaulekanitsa ndi mpweyawo. Pa zipatso, mpweya wolowa nthawi zambiri umakhala pakati pa madigiri 130 ndi 180 a Celsius, ndipo wotuluka pakati pa 70 ndi 90. Mkaka umauma bwinobwino m'njira imeneyi popanda kuuthira kanthu. Madzi a zipatso amakana.

Chimene chimawakanitsa ndi shuga. Kuuma kwa liwiro lotere sikumupatsa shuga mpata woti apange timiyala touma; amangolimba ngati switi, ndipo monga switi yosiyidwa padzuwa, pali mlingo wa kutentha pamene amayamba kufewa ndi kumata. Mlingowu akatswiri amaulemba kuti Tg, ndipo shuga aliyense ali ndi wake. Wa lactose, shuga wa mumkaka, uli pafupi ndi madigiri 101. Wa sucrose uli pa 62, wa glucose pa 31, ndipo wa fructose, yemwe ndi wambiri m'zipatso zakupsa, uli cha m'ma 5 basi. Maasidi amene amawawasitsa zipatso, citric ndi malic, nawonso ndi otsika kwambiri. Ufa umayamba kumata kutentha kwake kukapitirira Tg ndi madigiri 10 mpaka 20. Tsono lingalirani mpweya ukutuluka pa madigiri 75, pamene timadontho ta madzi a chinanazi tili ndi Tg yosafika ngakhale 50. Kadontho kalikonse kokhudza chipupa kamamatirira pomwepo. Kuwonjezera apo, Tg ya madzi ili cha m'ma madigiri 135 pansi pa ziro, kotero chinyezi chochepa chabe chotsalira mu ufa chimagwetsanso mlingo wa ufa wonsewo.

Ntchito yoyamba ya chonyamulira ndi kukweza Tg imeneyi. Ndi chinthu cha mamolekyu aakulu chimene sichifewa msanga, ndipo chikasakanizika ndi shuga wa zipatso, chosakanizacho chimapirira kutentha kumene shuga payekha sakanapirira.

Chofala kwambiri ndi maltodextrin, wopangidwa podula sitachi ya chimanga, chinangwa, mbatatesi kapena mpunga. Alibe fungo, sakoma kwenikweni, amasungunuka mosavuta, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo poyerekeza ndi zonyamulira zina. Koma musagule thumba longolembedwa kuti maltodextrin osaona nambala ya DE. Nambalayi imasonyeza mmene sitachiyo yadulidwira: ikakhala yaing'ono, mamolekyu ndi aatali, ikakwera, ndi aafupi ndipo akuyandikira shuga weniweni. Wa DE 5 ali ndi Tg pafupifupi madigiri 188, wa DE 10 pafupifupi 160, wa DE 20 pafupifupi 141. Kupitirira 20 satchedwanso maltodextrin, amakhala glucose syrup wouma. Tanthauzo lake pa ntchito n'loti wa DE yotsika mumathira wochepa kuti ufa uleke kumata, ndipo ufawo sukoka chinyezi mwamsanga. Vuto lake amalimbitsa madzi mpaka nozzle kuvutika kuwamwaza, ndipo chakumwa chosungunulidwa nthawi zina chimaoneka chambuu chikakhalitsa m'botolo lozizira. Wa DE yokwera amasungunuka msanga ndipo amatsekemerako, koma amakoka chinyezi, komanso amachititsa ufa kudera ukamasungidwa pamalo otentha. Pali chinthu china chimene ambiri sachiyembekezera: wa DE yokwerayo amapanga kakhungu kothinana kamene mpweya wa okosijeni sulowa mosavuta, choncho amateteza bwino mtundu wachikasu wa mango ndi mafuta a fungo kuposa wa DE yotsika. Palibe wopambana pa zonse. Ife timalangiza kuyambira pa DE 10 mpaka 12, n'kusuntha pokhapokha mutaona chimene chikuvuta.

Tsopano tifike pamene ambiri amasocherera, pa kawerengedwe. Mumva munthu akunena kuti amathira maltodextrin 10 peresenti yokha, ndipo womvera amaganiza kuti ufa wakewo ndi zipatso 90 peresenti. Si choncho. Funsani kuti 10 peresentiyo ndi ya chiyani. Ngati ndi ya kulemera kwa madzi a zipatso, tiyeni tiwerengere limodzi. Makilogalamu 100 a madzi a zipatso amene pa refractometer, kachipangizo koyezera shuga wa m'madzi, akuonetsa Brix 15, kutanthauza 15 peresenti ya shuga ndi zina zosungunuka, ali ndi zouma za chipatso pafupifupi makilogalamu 15. Zotsalazo ndi madzi amene adzauluka. Mukathira makilogalamu 10 a maltodextrin, zouma zonse ndi makilogalamu 25, ndipo maltodextrin ndi 10 mwa 25, kutanthauza 40 peresenti ya ufa umene mugulitse. Mukathira makilogalamu 20, akhala 20 mwa 35, zomwe ndi 57 peresenti. Pamenepo chonyamulira chachuluka kuposa chipatso. N'chifukwa chake timaumirira kuti muyezo uziwerengedwa pa zouma, osati pa madzi. Madzi a gwafa a Brix 9 ndi phala la nthochi la Brix 22 sizingathiridwe mulingo umodzi pa lita, ndipo ngakhale mango a mtundu umodzi amasiyana Brix pakati pa kuyamba ndi kutha kwa nyengo yake. Yezani Brix ya mgolo uliwonse, chulukitsani ndi kulemera kwa madziwo kuti mupeze zouma, kenako werengani chonyamulira kuchokera pamenepo. Pa phala la mango kapena gwafa losasefa, kumbukirani kuti ulusi wa chipatso suoneka pa refractometer, choncho zouma zenizeni zimaposako nambala ya Brix. Kuumitsa kachitsanzo mu uvuni kumapereka nambala yolondola.

Madzi osefedwa mbee a zipatso za shuga ndi asidi wambiri amafuna maltodextrin wofika 40 mpaka 60 peresenti ya zouma zonse. Phala losasefa limafuna wocheperapo, chifukwa ulusi wa chipatsocho ndi pectin, chinthu chimene chimalimbitsa phalalo, amathandizako ntchito ya chonyamulira. Chipatso chopsetsa, chimene sitachi yake yonse yasanduka shuga, chimafuna wambiri kuposa chongoyamba kupsa.

Kuchepetsa chonyamulira kumabweretsa zimene tatchula kale, kumata ndi kuundana. Kuchulukitsa nako kuli ndi mtengo wake, ndipo woulipira ndi wogula. Ufa wa mango umene unayenera kukhala wachikasu kwambiri umatuluka wotuwa. Fungo limachepa. Vitamini C ndi beta-carotene pa supuni iliyonse zimatsika molingana ndi mmene chipatso chachepera. Ndipo maltodextrin, ngakhale satsekemera pakamwa, m'thupi amasanduka glucose mofulumira kwambiri, nkhani yofunika kwa odwala matenda a shuga amene amagula ufa wa zipatso poganiza kuti ndi chipatso chokhachokha. Choncho cholinga si kupeza mulingo umene makina amayenda mosavutitsa, koma mulingo wochepetsetsa umene ufa umauma ndi kusungika.

Chonyamulira chachiwiri ndi gum arabic, utomoni wa mitengo ya Acacia senegal ndi Acacia seyal, umene wambiri umachokera ku Sudan ndi maiko oyandikana nawo. Pa zolemba za paketi umadziwika kuti E414. Mphamvu yake ndi yoti uli ndi kagawo ka puloteni kamene kamagwira mafuta, motero umakutira timadontho ta mafuta a fungo ndi a mtundu, zimene maltodextrin sangathe. Umasungunuka wambiri m'madzi osawalimbitsa kwambiri, ndipo kadontho kakangolowa mumpweya wotentha umapanga msanga kakhungu kamene kamalola madzi kutuluka koma n'kutsekera fungo m'kati. Pa magalagadeya, pamene fungo ndilo malonda onse, kusiyana kwake kumamveka ndi mphuno. Koma ndi wodula, ubwino wake umasiyana malinga ndi kumene wachokera, umatha kuderetsako ufa, ndipo ukachuluka umamveka pakamwa. Sitiona chifukwa choti munthu augwiritse ntchito wokha. Kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a maltodextrin n'kuikapo gum arabic kumakupatsani phindu lalikulu la utomoniwo pa mtengo wopiririka. Sitachi yosinthidwa ya OSA, yolembedwa E1450, imagwira ntchito yofananayo yokutira mafuta, ndipo imatha kulowa m'malo mwake pamene utomoni wasowa.

Mapuloteni ndi nkhani ina, ndipo tikufuna tiwachenjeze anthu bwino pamenepa chifukwa zotsatira zake zoyamba zimasangalatsa. Puloteni ya mumkaka, ya whey kapena sodium caseinate, ngakhale itangokhala 1 kapena 2 peresenti ya zouma, imathamangira pamwamba pa kadontho n'kupanga kakhungu kosamata. Zipupa za makina zimayera, ufa wotoleredwa umachuluka, ndipo mutha kuchepetsa maltodextrin kwambiri. Koma kakhunguko n'kakunja kokha. M'kati mwa kambewu kalikonse ka ufa mukadali shuga wa Tg yotsika, ndipo paketi ikangotenthedwa kapena kulowa chinyezi pang'ono, ufa wonse umagwirana kukhala chibuma. Puloteni imathetsa vuto la m'makina, osati la m'nkhokwe. Palinso zina zitatu. Casein, puloteni ya mu sodium caseinate, imaundana muyezo wa asidi wotchedwa pH ukafika pa 4.6, ndipo zipatso zambiri zili pafupi ndi pamenepo kapena pansi pake, choncho yesani kaye m'kapu musanathire m'thanki. Chinanazi chili ndi bromelain ndipo papaya ali ndi papain, ma enzyme amene amadula mapuloteni; mukathira puloteni m'madzi osatenthetsa a zipatso ziwirizi, imadulidwa, kakhungu sikapangika, ndipo ufa umatha kuwawa. Chachitatu, puloteni ya mkaka kapena ya soya imadwalitsa anthu ena amene matupi awo sagwirizana nayo, motero iyenera kulembedwa poonekera.

Inulin, wochokera ku mizu ya chicory, amakopa anthu chifukwa ndi ulusi wothandiza m'mimba. M'madzi owawasa ndi otentha amadukaduka n'kusanduka fructose, shuga yemwe mukulimbana naye uja. Ngati mukumufuna, msakanizeni ndi maltodextrin, mumthire m'madzi a zipatso atazizira, ndipo musasiye chosakanizacho chikudikira maola ambiri.

Kasakanizidwe nako kamawononga ufa wa anthu ambiri amene anasankha chonyamulira choyenera. Yambani ndi kusefa madzi kapena phala la zipatso kuti muchotse ulusi wautali ndi timiyala ta gwafa, zimene zimatseka ndi kupala nozzle. Phala likakhala lolimba kwambiri, enzyme ya pectinase pa madigiri 40 mpaka 50 kwa ola limodzi kapena awiri imalifewetsa, koma dziwani kuti mwadula pectin amene akanakuthandizani, ndiye chonyamulira chidzafunika chochulukirapo. Kenako tenthetsani madziwo pa madigiri 85 mpaka 90 kwa kanthawi kochepa kuti muphe tizilombo ndi kuletsa ma enzyme, kuphatikizapo amene amadetsa nthochi. Musadalire spray dryer kuti ikuphereni tizilombo, chifukwa pamene madzi akuuluka kadontho kamakhala kozizirirapo kwambiri kuposa mpweya wokazungulira. Maltodextrin muthireni pang'onopang'ono m'madzi ofunda uku mukutakasa. Mukakhuthula thumba lonse nthawi imodzi amapanga mibulu yonyowa kunja, youma m'kati. Gum arabic uviikeni padera kwa maola angapo, ngakhale usiku wonse, kuti umwe madzi mokwanira. Mukaphatikiza zonse, pititsani m'makina osakaniza mwamphamvu otchedwa homogenizer, sefaninso, ndipo yezani zouma. Pakati pa 20 ndi 35 peresenti ndi pabwino pa makina ambiri. Zikachepa, mukuwononga moto kuumitsa madzi ndipo ufa umatuluka wosalala kwambiri wouluka ndi mpweya. Zikachuluka, timadontho timakula, sitiuma tisanafike pachipupa. Thovu lochokera pa kutakasa lisiyeni litsike, chifukwa mpweya wotsekeredwa m'kati mwa ufa ndiwo umayamba kuwononga mtundu.

Makina ayambitseni ndi madzi okha mpaka kutentha kwa mpweya wotuluka kutakhazikika, ndiyeno musinthire ku madzi a zipatso. Diso lanu likhale pa mpweya wotulukawo kuposa wolowa, pakuti ndiwo umasonyeza kutentha kumene ufa ukukumana nako. Umawongoleredwa ndi pampu: mukawonjezera madzi olowa umatsika, mukachepetsa umakwera. Apa pali mpata wopapatiza. Ukatsika kwambiri, ufa umatuluka wonyowa, Tg yake n'kugwa, n'kumata. Ukakwera kwambiri, ufa ndi wouma koma watenthedwa kupitirira pamene umafewa, n'kumatanso. Anthu ambiri akaona kumata amangokweza moto, osayamba aona kuti ndi kumata kwa mtundu uti. Zomata zonyowa, zokhala m'mwamba moyang'anizana ndi nozzle, zimasonyeza timadontho takulutakulu kapena madzi olowa ochuluka. Zomata zolimba, zonyezimira, zoderako, zokhala ku cone, m'munsi mosongoka mwa thanki, ndi mu cyclone, zimasonyeza kuti kutentha kwapitirira kapena chonyamulira chachepa. Chonyamulira chikakhala chokwanira, mpata wopapatiza uja umatakasuka. Kutenthetsa kwambiri mpweya wolowa kumatupitsanso timbewu ta ufa kukhala tamphako, topepuka, todzaza paketi koma tosachedwa kutaya mtundu.

M'madera otentha ndi achinyezi, kumene zipatsozi zimamera, mpweya weniweniwo ndi mdani. Mpweya wa madigiri 30 wokhala ndi chinyezi cha 80 peresenti umanyamula magalamu oposa 21 a madzi pa kilogalamu iliyonse, pamene wa madigiri 20 pa 50 peresenti umanyamula pafupifupi 7. Kuutenthetsa sikuchotsa madziwo. Ichi ndicho chifukwa chake muyezo wa chonyamulira umene unayenda bwino nyengo youma umakanika nyengo ya mvula. Chothandiza ndi makina ochotsa chinyezi mumpweya wolowa, kapena kuziziritsa zipupa za m'munsi ndi kupemerera mpweya wouma wozizira pamene ufa ukutulukira. Zimenezi zimalola kuchepetsa chonyamulira popanda kutaya ufa. Ndipo zomata za m'zipupa musazilekerere: zimapserera, zimagwera mu ufa ngati timadontho takuda, ndipo fumbi la ufa wa shuga ndi sitachi limatha kuyaka mwamphamvu likakumana ndi moto.

Mulingo woyenera chipatso chanu mudzaupeza poyesa, ndipo kuyesako sikufuna zambiri. Konzani zosakaniza zinayi kuchokera mumgolo umodzi, zouma za chipatso ndi chonyamulira zikhale 70 kwa 30, 60 kwa 40, 50 kwa 50, ndi 40 kwa 60, ndipo muziumitse osasintha china chilichonse pa makina. Pa chilichonse yezani ufa umene mwatolera poyerekeza ndi zouma zimene munalowetsa. Pa makina aang'ono oyesera, kutolera theka kumatengedwa kuti zayenda. Yezani chinyezi, chimene chiyenera kukhala pansi pa 4 kapena 5 peresenti, ndi water activity, muyezo wa madzi a mu ufa amene tizilombo tingagwiritse ntchito, imene iyenera kukhala pansi pa 0.3. Tizilombo sitimera pansi pa 0.6, koma ufa wa zipatso umaundana kalekale usanafike pamenepo. Ikani magalamu awiri a ufa uliwonse m'kambale kotsegula, m'kati mwa botolo lotseka momwe muli madzi osungunuliramo mchere mpaka wina kutsalira pansi. Mchere wotere umasunga chinyezi cha 75 peresenti. Pakatha sabata yezaninso kulemera, ndipo muone kuti ndi uti wasanduka madzi, uti waundana, uti ukuyoyokabe. Pomaliza sungunulani uliwonse kufika pa Brix ya madzi a poyamba, anthu alawe osadziwa kuti ndi uti. Sankhani wa chonyamulira chochepetsetsa mwa amene apirira mayeso onsewa.

Ufa ukamayandama pamadzi osamira, vuto kawirikawiri si chonyamulira koma kuti timbewu take ndi tating'ono kwambiri. Kuugwirizanitsa kukhala timibulu tokulirapo m'makina otakasa ufa ndi mpweya otchedwa fluid bed, kapena kuupopera pang'ono lecithin, mafuta othandiza ufa kunyowa, kumathetsa zimenezi. Silicon dioxide, E551, wosapitirira mulingo umene malamulo a zakudya a dziko lanu amalola, amathandiza ufa kuyoyoka, koma sangapulumutse ufa wa Tg yotsika. Ufa uzizire kaye usanalowe m'paketi, ndipo kulongedzako kuchitikire m'chipinda chouma, mwamsanga. Pulasitiki wamba amalowetsa chinyezi ndi kuwala pang'onopang'ono. Paketi yokhala ndi aluminiyamu m'kati, yomatidwa bwino, ndiyo yoyenera ufa umenewu.

Pempho lathu kwa opanga ndi kwa oyang'anira miyezo ya zakudya likukhudza zolemba za pa paketi. Malamulo a zakudya a padziko lonse, otchedwa Codex Alimentarius, amati zosakaniza zilembedwe motsatana, kuyambira cholemera kwambiri. Ngati maltodextrin ndiye wambiri mu ufawo, wogula ayenera kutha kuona zimenezo, ndipo mawu akuti zipatso zokhazokha asalembedwe pa ufa woumitsidwa ndi chonyamulira. Tikanakonda wopanga aliyense atamalemba peresenti ya zouma za chipatso, mtundu wa chonyamulira, ndi magalamu oyenera kusungunula m'kapu imodzi ya madzi. Ogula ufa wambiri wopangira zakumwa, yogati kapena zakudya za ana azipempha chikalata chosonyeza nambala zimenezi pamodzi ndi DE, chinyezi ndi water activity ya mgolo umene akugulawo.

Ndife,
Ogwira ntchito yokonza ndi kuyeza zakudya